Mpando Umodzi ku Morioka

Ndinabwera kudzakonza nthambo chabe.
Chipale chofewa chinali chitakwirira msewu mpaka m'maondo.
Ndinavula nsapato pakhomo, zala zili gwa,
Bambo Kuramochi n'kunditsogolera m'kanjira kamdima
osanena kanthu, ngati tikukazonda wodwala.

M'chipindamo munali malipenga awiri.
Osati oliza ndi milomo, ayi:
makamwa a matabwa, aatali kuposa chitseko,
oyasama kukhosi mpaka kuoneka mdima,
mmero wake wopyapyala ukulowa m'khoma
n'kukathera kumene kale kunali bafa.
Anagumula denga kuti akwane.
Akazi awo, Mayi Sachie, akuti anawanyanyala mwezi wathunthu,
kenako anayamba kuwapukuta fumbi malipengawo Loweruka lililonse
kufikira chaka chimene anatsogola.

Pakati pa chipinda, mpando umodzi.
Mwendo uliwonse pa kamtanda kake ka choko.

Vuto ndinalipeza msanga: dzimbiri kuseri kwa ampulifaya.
Ndinapala, ndinamanga, mababu anayi n'kuyamba kufiira
pang'onopang'ono ngati makala ouziridwa.
Ndinalongedza zida zanga. Iwo anati, Khalani.
Ndinati pansi pomwepa pandikwanira.
Anati, Ayi. Pampandopo.

Singano inatera pa chimbale,
kuthetheka pang'ono ngati mafuta m'chiwaya,
ndipo khoma linachoka.
Ndilibe kanenedwe kena. Linachoka basi.
Wa besi anaima kumanzere kwanga, pafupi zedi
moti ndinamva chala chikukwekweza nsambo
liwu lisanabadwe.
Wa ng'oma kumbuyo, akusesa chikopa ndi timawaya.
Mayi wina anakoka mpweya, milomo yake n'kumatuka,
ine manyazi n'kundigwira
ngati ndalowa kuchipinda kwa eni osaodira.
Magetsi ake osakwana n'kuyatsa babu la m'khichini,
koma lipenga la mkuwa litalira m'kati mwa lipenga la thabwa
nthiti zanga zinavomera.

Bambo Kuramochi sanakhale pansi.
Anaima chapazenera, maso ali pankhope yanga,
osati pa malipenga.
Nyimbo ili m'kati anandigwira phewa:
Apa. Tcherani khutu apa.
Pali munthu atsokomole kumbuyo kwa holo,
kenako tambula igunde mbale, ngwee.
Ilipobe?

Apo m'pamene ndinakaona, kachipangizo kothandiza kumva,
kali pashelefu pambali pa mabotolo a mankhwala,
kosavalidwa. Akuti kamasandutsa piyano kukhala chitini.
Zaka makumi anayi akusema, akupala, akupaka vanishi,
akusuntha mpando chala chimodzi kutsogolo, chala chimodzi kumbuyo,
nyumba n'kudzamaliza kuphunzira kuimba
chaka chomwe makutu a mwini wake anayamba kutseka.

Kutsokomolako ndinakumva.
Bambo wina wachimfine, usiku wina wa mu 1961,
wosadziwa kuti chifuwa chake chidzakhala ndi moyo kumuposa.
Koma tambula ija, zii.
Anabweza singano. Ndinatsinzina, mpweya n'kuugwira.
Zii.
Kachitatu, chipale chinagumuka padenga, khuu,
tonse awiri n'kudzidzimuka
(iwo anachimvera m'mapazi)
ndipo tinaseka ngati ana ogwidwa akuba shuga.

Ndikanatha kunama.
Bodza lake linali laling'ono ngati njere ya mpunga,
ndipo linali kale palilime.
Ndinati, Sindikuimva, bambo.

Anagwedeza mutu nthawi yaitali,
chimbale chikuzungulirabe pa mzere wotsiriza,
tseke, tseke, tseke.
Mwina, anatero, inali ya Sachie.
Nyimboyi ikafika pamenepa iye amakhala akutsuka makapu.

Anazimitsa mababu limodzilimodzi.
Malipenga anatsala ali kukamwa yasa,
ngati nawonso akudikira yankho lina.

Anandilipira mu envulopu yoyera, ndi manja awiri.
Panja ndinafukula galimoto ndi fosholo yobwereka.
Wailesi sindinaiyatse pobwerera.
Matcheni a matayala okha ndiwo ankalira pa mlatho,
ndipo nditafika kwathu ndinaima pakhomo, chipewa kumanja,
kumvetsera mwana wanga Rintarō akuika supuni m'kapu.